Wigi ya Khonje ndi Gitala ya Amalume

Mukadzafika pa Nsaru n'kufunsa za mphunzitsi wopuma ntchito amene ana ankamutchula kuti Biringanya, musadzavutike kufufuza. Ndine ndemwe. Dzinalo ndinalilandira masana ena m'mwezi wa Okutobala, pamaso pa ana asukulu, makolo awo, alendo ochokera kunja, ndi mkazi amene ndinkafuna kuti andione ngati munthu wodziwa zinthu. Nkhaniyi anthu amaikamba mosiyanasiyana. Ena amaikamo mbuzi, pomwe mbuzi kunalibe. Ndiye ndaganiza kuti ndiikambe ndekha, poti manyazi ake ndi anga.

Inali nthawi ija matipate atangolowa kumene. Boma latsopano litalengeza kuti sukulu za pulayimale n'zaulere, ana anakhamukira kusukulu ngati ngumbi, ndipo aphunzitsi anachepa. Anatitola ife amene tinali titangomaliza Folomu 4, n'kutiphunzitsa kwa masabata owerengeka, n'kutipatsa choko. Ine ananditumiza pasukulu ina kufupi ndi Nsaru, kukaphunzitsa Sitandade 5. Ndinali ndi tayi imodzi, nsapato zachikopa peyala imodzi, ndi chikhulupiriro chachikulu choti m'dera lonselo munalibe wodziwa Chingerezi kuposa ine.

Kuti mumvetse pomwe vuto linachokera, muyenera kuwadziwa amalume anga, a Levisoni, alongo awo a mayi, amene ankalima fodya ndi mtedza ku Kabudula. Ali mnyamata anapita kumigodi ya ku Zambia, ndipo kumeneko mtima wawo unagwidwa ndi nyimbo za gulu lina la anyamata anayi a ku Mangalande. Dzina la gululo sinditchula, chifukwa ndinalilakwira kale mokwanira. Mungodziwa kuti ndi aja a tsitsi lophimba chipumi.

Amalume ankaidziwa mbiri ya anyamatawo ngati kuti anabadwira mudzi umodzi. Tikamasankha fodya m'chigafa nthawi ya holide, ankandiuza kuti anali ana a anthu wamba mumzinda wina wa padoko (mzinda womwewo umene masiku ano timaudziwa chifukwa cha mpira). Anayamba kuimba m'chipinda chapansi pa nyumba, chonunkha thukuta ndi utsi. Kenako anawolokera ku Jeremani, kumene ankaimba maola ambirimbiri tsiku lililonse mpaka zala kuuma ngati za mlimi. Pobwerera kwawo anali atapsa. Atsikana ankakuwa mpaka kukomoka, makolo ankadandaula za tsitsi, mfumukazi ya kwawo inawapatsa mamendulo, ndipo achinyamata dziko lonse lapansi anayamba kufunafuna magitala. Kumigodi nako kunabadwa magulu owatsanzira, ndipo m'gulu lina ankaimbamo amalume, muholo ya anthu ogwira ntchito mumgodi, Loweruka lililonse. Tsiku limene anamva pawayilesi kuti anyamata anayiwo akangana ndipo apatukana, akuti chakudya sichinalowe.

Nkhani ankaithera pamenepo nthawi zonse. Zotsatira zake ndinazimva kwa mayi. Amalume pobwerera kumudzi, m'nthawi ya chipani chimodzi, anali ndi tsitsi lalikulu ndi thalauzi yotambalala kumapazi, zinthu zimene lamulo la kuno linkaletsa. Basi itangolowa m'dziko muno anawatsitsa, n'kuwameta ndi sizasi yobuntha anthu akuonerera, thalauzi ija n'kuidula m'maondo. Atafika pamudzi, gitala anaikulunga m'thumba n'kuipachika kudenga, ndipo kwa zaka zoposa makumi awiri sanaikhudze. Anakwatira, anabereka, anakhala mkulu wa mpingo. Akazi awo, a Nabanda, anali asanawamvepo akuimba china chilichonse kupatula nyimbo za m'buku la kutchalitchi. Amene ankaikhudza gitalayo mobisa ndinali ine, iwo akapita kudimba. Ndinaphunzira makiyi atatu, ndipo ndinkadziona ngati ndamaliza.

Tsono tsiku lina ahedi anatiitana aphunzitsi tonse pansi pa mtengo wa mango, umene unali ofesi yathu nthawi yotentha. Anati buloko yatsopano ya makalasi yatha, ndipo pamwambo woitsegulira kudzabwera alendo a mpingo wina wa ku Mangalande umene unathandiza pomanga. Chimtali chidzakhalapo, kwaya idzakhalapo, koma iwo ankafuna kanthu kena kowasonyeza alendowo kuti nafenso timadziwako za kwawo. Anafunsa ngati alipo amene ali ndi maganizo.

Moyang'anizana nane anakhala Madamu Esinati a Sitandade 3, amene ankatsogolera kwaya. Kwa miyezi itatu ndinali ndikuyesetsa kuti andiyang'ane kawiri, koma chimene ndinapindula chinali moni wa m'mawa basi. Pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinati ine ndili ndi bandi, ndipo timaimba nyimbo za anyamata anayi aja monga mmene eni ake ankaimbira, osasiyanitsa. Ndinawonjezera kuti tsopano tili paufulu, ngakhale tsitsi tidzalikonza ngati lawo. Ahedi anandigwira chanza. Madamu Esinati anandiyang'ana kawiri. (Bandi ndinalibe. Gitala inali ya amalume. Panatsala masabata atatu.)

Loweruka ndinapalasa njinga kupita ku Kabudula. Amalume ndinawapeza akuthirira nazale ya fodya. Nditawafotokozera, anaika chitini pansi n'kuseka mpaka misozi. Kenako anandifunsa ngati n'zoonadi kuti lamulo la tsitsi linachotsedwa. Nditavomera, analowa m'nyumba n'kutsitsa thumba lija. Anati andiphunzitsa nyimbo imodzi yokha, poti imodzi ndi yokwanira kwa munthu wa zala ngati zanga, koma ndisayerekeze kuwapempha kuti adzaime pamaso pa anthu.

"Ine zanga zinatha, mphwanga," anatero. "Anandimeta kamodzi, n'zokwanira."

Anthu a bandi ndinawapeza mosavuta kuposa mmene ndinkaopera. A Makwinja, tenanti wochokera ku Phalombe amene ankalima fodya pa esiteti ina pafupi ndi sukulu, anali katswiri wa ng'oma. Ana awo awiri anali m'kalasi mwanga, ndiye kundikanira kunawavuta. A Kaliza, telala wa pakhonde la sitolo pa Nsaru, anali ndi babatoni, chigitala chachikulu cha chingwe chimodzi chija chimene woimba amachikhalira. Tinakwana atatu. Ndinayesa kufunafuna wachinayi, koma amalume anati vuto lathu si chiwerengero.

Tinkakonzekera masana ndikaweruka, kuseri kwa chigafa cha a Makwinja, amalume akubwera panjinga kawiri pasabata. Poyamba ankangondiuza ndi pakamwa poika zala, manja awo ali kumbuyo. Ulendo wachitatu analephera kupirira phokoso langa. Analanda gitala n'kuimba mizere iwiri, ndipo a Kaliza anasiya chingwe chawo n'kungoti kukamwa yasa. Amalume anandibwezera gitalayo msangamsanga ngati yawatentha, n'kuyamba kukamba za mvula.

Mawu a nyimbo ndinawalemba m'kope pomvera kaseti yakale imene ndinabwereka kwa bambo wina wokonza mawayilesi. Kasetiyo inali yotopa, ndipo Chingerezi cha anyamatawo si chija cha m'buku la Folomu 2. Pamene sindinamve bwino ndinkalemba chimene khutu landiuza. Amalume ataona kopelo anaulula kuti nawonso mawuwo sankawamva. Kumigodi ankangotenga chuni n'kuikamo mawu awoawo a Chichewa, ndipo anthu ankavina bwinobwino. Anandilangiza kuti ndichite chimodzimodzi. Ndinakana. Ndinati ine ndine mphunzitsi wa Chingerezi, alendo ndi Angerezi, Chichewa chidzalowa pati?

Apa n'kuti mbiri itawanda. Ahedi anali atalengeza pa asembule, ana anakauza makolo, ndipo pamsika anthu osawadziwa ankandipatsa moni wa manja awiri. Madamu Esinati anandipeza tsiku lina popuma n'kundiuza kuti ngati ndikufuna, atha kundipatsa atsikana anayi a m'kwaya kuti azindithandiza polandira nyimbo, chifukwa munthu mmodzi mawu amatha kumuthawa pagulu. Anali maganizo abwino, ndipo anali mwayi woti ndizionana nawo tsiku lililonse. Ine ndinayankha kuti nyimbo za mtundu umenewu n'zovuta kwa anthu osazolowera. Iwo anangoti chabwino, Sala, n'kubwerera kukalasi kwawo. Mpaka lero ndikakumbukira yankho limenelo ndimafuna kulowa pansi pa tebulo.

Koma chimene chinkandisowetsa mtendere kwenikweni chinali tsitsi. Pachikuto cha mbale ya galamafoni imene amalume ankasunga musutikesi, tsitsi la anyamata aja linkagwera pachipumi ngati udzu wa denga latsopano. Langa linkakulira m'mwamba, komanso mosafulumira. Amalume anati ku Zambia iwo ankangolisiya kuti likule mmene Mulungu analipangira, ndipo anandikumbutsa kuti tsitsi siliimba. Ine ndinamva, koma tsiku la msika ndinagula kachitini ka mankhwala owongola tsitsi, aja amadzola amayi. Wogulitsayo ndinamuuza kuti wandituma ndi mlongo wanga.

Papepala lake panalembedwa mphindi zochepa. Ndinaganiza kuti zimenezo analembera anthu a tsitsi lofewa, langa ndi la Mchewa weniweni, lofunika kulipatsa nthawi. Ndinadzola mokhuthala, n'kukhala pansi kuyamba kuchonga makope a masamu. Nditachonga angapo mutu unayamba kuyabwa. Ndinati ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito. Pofika pakati pa mulu wa makopewo zinali ngati munthu wandisenzetsa mbaula. M'ndowa munalibe madzi (ndinali batchala, musandiweruze), ndiye ndinatuluka liwiro la mtondo wadooka kulowera kumjigo.

Kumjigoko kunali amayi ambiri pamzere, ena mwa iwo makolo a ana a m'kalasi mwanga. Sindinapereke moni. Ndinakankha ndowa ya munthu n'kulowetsa mutu pansi pa mpopi, ndipo mayi wina wachifundo anayamba kupopa. Moto unazima, koma nditaweramuka ndinaona tsitsi langa likuyenda ndi madzi mungalande, kulowera kudimba la masamba. Mmodzi mwa amayiwo anangomasula chitenje chapamwamba n'kundipatsa kuti ndifunde kumutu.

Kuchipatala chaching'ono anamwino anayesetsa kusunga ulemu. Anandifunsa kuti mankhwalawo ndinawasiya nthawi yaitali bwanji, ndipo nditayankha anatembenukira kukhoma kwa kanthawi, mapewa akugwedezeka. Anameta tizilumba ta tsitsi timene tinatsala, n'kupaka mutu wonse jivi, mankhwala a zilonda aja amene akakukhudza sachoka msanga. Anandiuza kuti mutu uzipitidwa mphepo, ndisauphimbe. Panatsala masiku anayi. Kusukulu ndinkapita nditavala chipewa chaubweya, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndipo ahedi ndinawauza kuti ndili ndi chimfine. Amalume nawo pokonzekera komaliza anachiyang'ana chipewacho nthawi yaitali, koma sanafunse.

Munthu wanzeru akanapita kwa ahedi n'kunena kuti bandi yadwala. Ine ndinapita kwa a Kaliza. Nditavula chipewa, anauyang'ana mutu wanga mbali zonse ngati akuyeza kasitomala, n'kunena kuti palibe chimene singano ingalephere. Anapala khonje, analisokerera pakansalu kozungulira, analidula mzere wowongoka pachipumi, ndipo tinalidetsa ndi polishi wa nsapato. Kunena zoona, mkati mwa sitolo mmene munali kamdima, wigiyo inkaoneka bwino. Ndinapempha kuti asoke zitatu kuti tifanane. A Makwinja anati iwo anabwera ku Lilongwe kudzalima fodya, ndipo akavala chimenecho akazi awo abwerera ku Phalombe okha. A Kaliza anati telala savala zimene wasoka. Wigi inatsala imodzi, yanga.

Tsikulo linafika, ndipo kunatentha kuyambira m'mawa. Alendo anawakhazika patebulo pansi pa chisakasa, pamodzi ndi ahedi ndi akomiti ya sukulu, pomwe ife osangalatsa anthu malo athu anali pamtetete. Ahedi anali atabwereka chimkuzamawu kutchalitchi ndi batire la galimoto, kuti ngakhale amene ali kumsewu asaphonye kanthu. Mtsogoleri wa alendowo anali mayi achikulire aimvi, ovala chitenje chimene sichinkafuna kukhazikika m'chiuno. Zolankhula zinatenga nthawi, kwaya ya Madamu Esinati inaimba mokoma, amayi a chimtali anavina. Ine ndinali kuseri kwa buloko yatsopano, wigi ili kumutu, ndikuwerenga kope langa. Pomwe ankatiitana n'kuti dzuwa lili paliwombo.

Titatulukira, anthu anang'ung'udza pang'ono koma sanaseke. Mwina ankaganiza kuti umu ndi mmene ufulu umaonekera. Ahedi analengeza dzina la gulu limene tinkatsanzira. Mayi aimvi aja anawomba m'manja, anaimirira, n'kunena kuti iwo kwawo ndi mumzinda womwewo, ndipo ali mtsikana ankazemba kunyumba kukawaonera anyamatawo asanatchuke. Anati nyimbo zawo zonse amazidziwa pamtima. Ahedi anamasulira mosangalala. Pa anthu onse a ku Mangalande, anatitumizira amenewa.

Chakumbuyo kwa khamu ndinaona amalume atatsamira njinga yawo, chipewa chamlaza chili kumutu, a Nabanda ali pambali pawo. Anayang'ana mutu wanga, n'kuyang'ana pansi.

A Makwinja anayamba, a Kaliza analowa, ine ndinalowa mochedwerako. Ndime yoyamba ndinaimba molimba mtima. Mayi aja anayamba ndi kumwetulira, kenako anapendeketsa mutu ngati munthu amene akumva dzina lake likutchulidwa molakwika chapatali, kenako anatembenukira kwa anzawo kufunsa kanthu. (Pambuyo pake anandiuza mwaulemu kuti ankaganiza kuti ndikuimba m'Chichewa. Anthu a pa Nsaru ankaganiza kuti ndi Chingerezi. Ndinaimba chilankhulo chimene pabwalo ponsepo panalibe mwini wake.)

Pofika ndime yachiwiri polishi anayamba kusungunuka. Ndinamva kanthu kakutsika pachipumi, kudutsa pamphuno. Thukuta linalowa m'zilonda zija n'kutuluka litatenga jivi, ndipo zonse zinakakumana m'maso. Manja onse awiri anali pagitala. Ndinkaimba nditatsinzina, kolala ya shati yanga yoyera ikusintha mtundu, ndipo kiyi yachitatu inandithawa. Apa ndinakumbukira zimene amalume anandiuzapo, zoti anyamata aja akafika pokoma ankapukusa mitu, atsikana n'kuyamba kukuwa. Ndinaganiza kuti zimenezi zindipulumutsa. Ndinapukusa mutu ndi mphamvu zanga zonse.

Wigi inachoka. Ndinamva kamphepo kozizira bwino pamutu, ndipo nditatsegula diso limodzi ndinaiona ili m'malere. Inakatera patebulo la alendo, m'mbale ya mtedza wokazinga, pamaso penipeni pa wapampando wa komiti, amene anadumpha n'kugwetsa mpando poganiza kuti ndi chamoyo.

Pabwalo panati zii. Ndinaima pakati pa anthu onsewo ndi mutu wosalala, wonyezimira, wofiirira moderako, mizere yakuda ikutsika kumaso. Kenako kumene kunakhala ana a Sitandade 1 kunamveka mawu aang'ono, osanyoza, ongonena chimene maso aona: "Biringanya." Chikhakhali chimene chinatsatira ndikhulupirira chinamveka mpaka ku Nambuma. Ahedi anabisa nkhope kuseri kwa pepala la ndondomeko. Kumene kunali Madamu Esinati sindinayerekeze kuyang'anako.

Chimene chinandipulumutsa n'chakuti a Makwinja sanasiye kuimba ng'oma. Anandiuza pambuyo pake kuti kwawo ng'oma siima chifukwa choti wovina wagwa. Ankangopitiriza, a Kaliza akutsatira, ine nditagwira gitala ngati khasu lobwereka. Ndili pafupi kuliyatsa liwiro, ndinaona anthu akupatuka. Amalume ankabwera, osafulumira. Atafika anavula chipewa chawo n'kundiveka, kenako anatambasula manja.

"Bweretsa kuno," anatero motsitsa mawu. "Iwe ima apo uziwomba m'manja. Usathawe. Ukathawa lero udzakhala ngati ine."

Anakonza zingwe ziwiri, anamvetsera ng'oma, n'kulowa. Inali nyimbo yomwe ija, koma tsopano inadzuka. A Makwinja atamva kuti gitala yapeza mwini wake anasintha kamenyedwe, n'kuikamo kakwawo kaja kogwedeza mapewa. Ndipo amalume anaimba mawu awo a kumigodi, a munthu amene ali kutali akuuza wokondedwa wake kuti asatope kumudikira pasiteji ya basi. Mawu awo anali adzimbiri poyamba, koma pofika pakati anatseguka. Kuseka kuja kunatha pang'onopang'ono. Amayi a chimtali anadzuka okha n'kupanga bwalo. Mayi aimvi aja anaimirira, misozi ikutsika, n'kuyamba kuimba mawu enieni a Chingerezi pamwamba pa mawu a amalume, ndipo zinkagwirizana. A Nabanda anaima manja ali pakamwa kwa kanthawi, kenako anaimba nthungululu yaitali n'kulowa m'bwalo, kukavina pamaso pa amuna awo amene anakhala nawo zaka zonsezo osadziwa kuti zala zawo zimatha zimenezi. Anthu anapempha kuti nyimboyo ibwerezedwe, ndipo inabwerezedwa kawiri. Ine ndinawomba m'manja mokhulupirika.

Mwambo utatha mayi aja anafuna kucheza ndi amalume, ndipo womasulira ndinali ine, nditasukusula, chipewa chamlaza chili kumutu. (Apa pokha Chingerezi changa chinagwira ntchito.) Iwo anafotokoza kuti kwawonso sizinali zophweka. Mlongo wawo anabwezedwapo kusukulu chifukwa cha tsitsi, ndipo bambo awo ankati nyimbozo ndi phokoso la anthu osowa chochita. Amalume nawo anawafotokozera za basi ija ndi sizasi yobuntha. Aka kanali koyamba kuti ndiimve nkhaniyo kuchokera pakamwa pawo, ndipo anaikamba akuseka. Mayiwo anatinso anyamata aja sanabadwe nazo nyimbozo, anaphunzira pomvera mbale za oimba akuda a ku Amereka. Amalume anandiuza kuti ndibwereze pamenepo, ndipo nditabwereza anagwedeza mutu.

"Ndiye kuti nyimboyi inangopita kokayenda," anatero. "Uwauze kuti lero yafika kumudzi."

Lamlungu lonse ndinakhala m'nyumba ndikulemba kalata yopempha kuti andisamutsire kusukulu ina, makamaka ya kutali kumene kulibe msika. Lolemba m'mawa ndinanyamula kalatayo, koma ndisanafike kwa ahedi ndinakumana ndi Madamu Esinati pakhonde la buloko yatsopano. Sanaseke. Anandifunsa ngati zilonda zikupola, n'kundiuza kuti amayi a kumjigo anawafotokozera zonse tsiku lomwelo, ndipo chimfine changa palibe amene anachikhulupirira. Ataona envelopu anandifunsa kuti ndi ya chiyani, ndipo nditawauza anaitenga n'kuiika m'chikwama mwawo.

"Sala, gitala simudziwa," anatero. "Koma amalume anu aja akanafa osaimbanso mukanapanda kudzitama. Vulani chipewacho mukalowe m'kalasi, ana akudikira."

Ndinalowa mutu uli pamtunda. Ana anaseka, ndipo ndinawasiya aseke mpaka atatopa, pena ndikuseka nawo. Atakhala chete, mtsikana wina wa kutsogolo anaimika dzanja n'kufunsa ngati ndingawaphunzitse nyimbo imene anaimba agogo aja. Ndinaima mowongoka n'kuyamba kuyankha kuti nyimboyo ndimaidziwa bwino kwambiri, ndipotu kunena zoona amene anawakumbutsa agogowo makiyi ake ndi ine amene.

Panja pa zenera wina anatsokomola. Anali Madamu Esinati, akudutsa ndi makope m'manja.

Ndinameza mawu otsalawo. Ndinawauza anawo kuti nyimboyo sindiidziwa, koma ndikudziwa kumene mwini wake amakhala, ndipo ndikawapempha. Kuyambira sabata imeneyo amalume ankabwera Lachitatu lililonse masana kudzaphunzitsa ana gitala pakhonde la sukulu. Iwo, a Makwinja ndi a Kaliza anaimba m'maukwati kuyambira ku Kabudula mpaka ku Namitete kwa zaka zambiri, ndipo ena mwa ana amene anaphunzira pakhonde paja lero akuimba m'matchalitchi ndi m'mabandi a m'tauni. Umodzi mwa maukwatiwo unali wanga ndi Madamu Esinati. Ine sanandilole kuyandikira chida chilichonse.

Mungaganize kuti ndinaphunzirapo kanthu, ndipo ndinaphunziradi, kungoti phunzirolo limafuna wokumbutsa. Lero tili ndi zidzukulu, ndipo anthu a kumpingo kwathu amandimvera chisoni kuti mayi a kunyumba ali ndi chifuwa chosapola. Amawabweretsera mandimu ndi uchi. Palibe amene wazindikira kuti chifuwacho chimangowagwira ine ndikayamba kulankhula pagulu.